Ndinavinira Makompyuta Masana, Anati Ndi Magendo

Khalani pansi, amayi anzanga, ndipo inu a kumbuyoko siyani kaye kusenda chinangwacho. Zimene ndinene pano zimandiwawa pakhosi, sindizibwereza kawiri.

Ambiri mukundidziwa. Ndine Nabanda wa kumtunda kwa doko, uja anagona m'selo ya polisi imvi zili mbuu. Ena munaseka, ndinakumvani, makutu anga sanakalambe. Inu sindikusungirani kanthu. Mkwiyo wanga uli ndi eni ake, ndipo ndiwatchula mmodzimmodzi. Ndaimirira chifukwa ndamva kuti m'kikundi chathu chino, gulu lathu la amayi, muli ena amene ana awo ali ku Joni ndi ku Lilongwe, ndipo alonjeza kutumiza makina oyambira bizinesi. Musanayambe kululuta, mverani kaye zanga.

Ine ndinabadwira kutsidya, ku Nkhotakota. Kuno ku Mbamba Bay, ku Tanzania, ndinabwera ndi ukwati ndili mtsikana, ndipo kuyambira pamenepo nyanja iyi sindinaionepo ngati malire. Maliro akagwa uko timawoloka, ukwati ukakhala kuno amawoloka iwo. Kaya wanyamula shuga, kaya mbewu ya mpunga, boti limakutsitsa pa doko la kwanu, pamene akazi a pamudzi akudikira ndi nkhata zawo. Amayi anu ankatero, agogo anu ankatero. Ndani anabwerapo pa mchenga paja kudzatiuza kuti zinthu zinasintha?

Mwana wanga Esnati ali ku Joni, amakolopa nyumba za eni ake ndi kulera ana a eni ake. Wake wa iye, Rozina, anandisiyira akuyamwa chala. Ndamulera ine mwana ameneyu. Anamaliza sukulu, anakaphunzira za makompyuta ku Songea, n'kubwerera kudzakhala pakhonde panga, ntchito palibe. Nyimbo inali imodzi m'mawa ndi madzulo: "Agogo, ndingotsatira amayi." Ine njira imeneyo inandidyera kale mwana mmodzi. Ali moyo, inde, koma ndimamuona pa galasi la foni ngati chithunzi cha woyera mtima. Wachiwiri ndinati ayi.

Esnati nayenso sankafuna kuti mwana wake akagwade pa simenti ya anthu. Anadzimana zaka, n'kugula makompyuta atatu ogwiritsidwa kale ntchito, pulinta, ndi chimakina chachikulu cha fotokope, kuti Rozina atsegule steshenari, kashopu kolemberamo anthu makalata ndi kujambula zitupa. Katunduyo anayenda pa lole mpaka ku Nkhata Bay. Ndinawoloka ndekha kukamutenga pa boti la Yohane, mwana wa mlongo wanga.

Gombe la kuno litayamba kuoneka, Yohane anachepetsa injini. "Azakhali, tiyambe tadzera ku bandari, doko la boma lija, katunduyu amuone a ushuru, otolera msonkho aja."

Ndinati, "Iwe Yohane, unabadwa dzulo? Thukuta la mwana wanga liyambe kugwiridwa ndi alendo lisanalowe m'nyumba ya amake?"

"Azakhali, awa si matumba a shuga."

"N'chifukwa chake! Khotetsa botili, tandipititsa kwathu."

Mwambo mukuudziwa nonse. Mwana akapita kutali n'kutumiza chinthu chake choyamba chachikulu, chimayamba chalowa m'nyumba, akuluakulu achione, a katekisti achipempherere, kenaka ndiye chikagwire ntchito. Rozina anali atandichenjeza za mapepala. Ndinamuyankha kuti mapepala tidzaona katundu akapuma.

Tinakocheza dzuwa lili paliwombo. Mudzi wonse unali pa mchenga, ndi a kwaya omwe. Ena a inu munasenza nawo makatoni aja, musayang'ane kumbali. Ine ndinasolola thabwa lija lokhala ndi mabatani a zilembo, n'kuliika pamutu, n'kumavina kutsogolo mpaka pakhomo panga. Anyamata ankajambula ndi mafoni. Tinapemphera, tinadya, Yohane n'kubwerera kwawo.

Sabata isanathe, galimoto inaima pakhomo. Anatsika a ushuru ndi askari a polisi. Mmodzi anandisonyeza foni, n'kunditchula agogo m'Chiswahili. "Bibi, uyu ndi ndani?"

Ndinati, "Ndine amene, ndipo ndinavina bwino."

"Katundu ameneyu sanadzere pa bandari. Awa ndi magendo."

Magendo! Kuzembetsa katundu, ine? Ndinati, "Mwana iwe, wamagendo amavina masana? Wamagendo amaitana kwaya?" Sanaseke. Ananyamula zonse, ndi nthambo zomwe. Anandidinditsa chala pa pepala, n'kundiuza kuti ndikapanda kukonza mlanduwo m'nthawi yake, katundu apita pa mnada, akagulidwe ndi aliyense wokweza dzanja.

Apa ndi pamene analowera woyamba mwa eni mkwiyo wanga. Dzina lake lenileni sindinalidziwe, anthu ankangomuti Usijali, kutanthauza kuti osadandaula, chifukwa ndiwo anali mawu ake oyamba ndi otsiriza. Ankakhala pa tiyirumu ya pafupi ndi bandari, malaya osita, mafoni awiri. Anandipeza ndikulira pa benchi. "Mama yangu, usijali. A m'katimo ndimadya nawo mbale imodzi. Mukalowa nokha akumezani, inu osadziwa kuwerenga. Ingondipatsani choti ndikawanyowetse pakhosi, katundu mukamupeza pakhomo."

Choti ndimupatse ndinalibe. Ndinali ndi boti la malemu amuna anga ndi chilimira chake, khoka limene linkatidyetsa. Ndinagulitsa mothamanga, ndipo mukudziwa mtengo umene munthu wothamanga amapatsidwa. Rozina anagwada. "Agogo, munthu ameneyu alibe ngakhale ofesi." Ndinamuuza kuti mwana salowerera mlandu wa akulu. Ndinamanga ndalama zonse m'kansalu, n'kukamupatsa Usijali kuseri kwa tiyirumu. Anandipsompsona dzanja, mfiti ija. Mawa lake anati abwana apita ku Mbinga. Kenaka anati abwana akudwala. Kenaka foni yoyamba inazima, yachiwiri n'kuzimanso, ndipo pa benchi pake panakhala galu.

Esnati atamva, anaimba. Sanakuwe ayi, bwenzi zili bwino akanakuwa. Anangoti, "Amayi, mawondo angawa anachita zikang'a chifukwa cha makina amenewo." N'kudula.

Ndinena poyera, popeza ndi chimene ndaimirira. Ndinayamba kumwa. Ine amene ndinkatsogolera nyimbo pa maliro, ndinkapezeka kuseri kwa msika m'mawa, kapu ya gongo ili m'manja. Kutsidya timati kachasu, koma moto wake ndi womwewo. Ndinagulitsa miphika, ndinagulitsa zitenje zanga za kutchalitchi. Ndinkatukwana aliyense wodutsa. A katekisti atabwera ndinawafunsa kuti pemphero lawo lija linali la ntchito yanji, n'kuwatsekera chitseko. Rozina ankaphika, ine n'kumakankha mbale ndi phazi.

Tsiku lina nditakhuta gongo, ndinatenga beseni la madzi otsukira nsomba, a mamba ndi matumbo, amene anagona padzuwa. Ndinalisenza pamutu kudutsa msika wonse mpaka ku ofesi ya ushuru. Pa kauntala panali mayi wina wovala yunifolomu, msinkhu wa Esnati wanga. Ndinati, "Mwadya thukuta la mwana wanga, mwerani msuzi wake!" Khuthu!

Ndi mmene ndinagonera m'selo.

Za m'menemo sindikuuzani zambiri. Ndinasanza, ndinadziipitsira, ndinagona pomwepo. Kutacha, askari anatsegula n'kuti, "Bibi wa beseni, mdzukulu wako wabwera." Rozina anali atandisainira kuti nditulukire kunja podikira mlandu. Anali ndi ndowa, sopo ndi chitenje. Sanandipatse moni. Ananditengera kuseri kwa polisi kumene kuli mpopi, n'kumanga chitenje china pakati pa mtengo ndi khoma kuti anthu asandione.

Anandivula ngati khanda. Madzi anali ozizira. Anayamba ndi mutu, n'kumachotsa mamba a nsomba amene anakanirira m'tsitsi langa, limodzilimodzi, ndi zikhadabo. Anatsuka msana, anatsuka m'khwapa, anagwada n'kutsuka miyendo imene ndinaipitsira. Ine ndinkayang'ana pakati pa mutu wake, pamene ndinkamuluka tsitsi popita kusukulu. Ndinkadikira kuti andikalipire kuti nanenso ndipeze pokalipira. Iye anangopitiriza kunditsuka, sopo yekha kumalira m'manja.

Atamaliza kundipukuta ndi pamene anayankhula, maso ali pa ndowa. "Amayi atumiza ya basi. Andipezera nyumba yokagwirako ntchito."

Ndinakhala pa mwala wochapira.

"Agogo, mwatukwana a ushuru, mwatukwana Usijali, mwatukwana a katekisti, ndi Mulungu yemwe simunamusiye. Koma tandiuzani, ndani amene munamufunsa? Munalowapo mu ofesi muja n'kukhala pansi n'kufunsa kuti akufuna chiyani? Ine ndinapitako mobisa. Anandibweza, akuti abwere mwini wake amene anadinda chala. Mwini wakeyo anabwera ndi beseni."

Amayi anzanga, mwana uja ananena zoona. Boti ndinagulitsa, ulemu ndinagulitsa, koma funso limodzi laulere sindinafunse. Ndinkaopa kuti akandiseka poti sindidziwa kuwerenga, ndiye ndinasankha kuti andiseke mudzi wonse.

Ndinamugwira mkono. "Rozina, mwana wa mwana wanga, undidikire mpaka tsiku la mnada. Makina akapita, ndidzakunyamulira ndekha chikwama mpaka pa basi."

Anatsanula madzi otsala, n'kuvundikira ndowa. "Mpaka mnada," anatero. "Koma mukangonunkha gongo, sindidikira."

Nditapeza mphamvu, ndinachita zimene munthu wolakwa amachita kwathu kuno. Ndinagwira tambala wanga womaliza, n'kumumanga miyendo, ulendo wokapepesa. Mayi wa ushuru uja atandiona pakhomo pa ofesi anaimirira, n'kubwerera m'mbuyo. Ndinagwada, n'kutambasula manja ndi tambalayo.

Anati, "Bibi, tsiku lija nsomba, lero nkhuku. Mukufuna kundiphikira kapena kundichotsetsa ntchito? Kunja uko pali anthu, akaona ndikulandira nkhuku anena kuti chiyani?"

Ndinati, "Kwathu kupepesa chimanjamanja n'chipongwe."

"Muno kupepesa ndi nkhuku ndi mlandu wina. Kamumangirireni pa mtengo, mubwere nokha."

Ndinakamumangirira, ndipo analira nthawi yonse imene tinali m'katimo. Mayi uja anandipatsa mpando. Anati yunifolomu ija anaichapa mpaka kutopa koma amphaka akumutsatirabe. Anaseka pang'ono, ine osaseka. Mlandu wa beseni anati akauchotsa, popeza naye ali ndi agogo. Kenaka ndinafunsa funso langa lija, Rozina ali pambali.

Zimene ndinamva pamenepo ndi zimene zimandiwiritsa magazi mpaka lero. Anati makompyuta sali ngati shuga kapena zitenje, ushuru wake wolowera m'dziko si wolemera, poti boma limafuna kuti alowe. Chachikulu chikanakhala msonkho uja amati VAT ndi tina ting'onoting'ono, kutengera mtengo umene katundu anagulidwira. Ndikanangodzera pa bandari tsiku lija n'kuonetsa malisiti, zikanatha ndi ndalama ya mbuzi zochepa, boti langa lili pa madzi. Tsopano panali faini ya kutsitsira katundu pa doko losaloledwa, panalinso ndalama ya malo amene makatoni ankagona m'nyumba yawo yosungiramo katundu, imene inkakula tsiku ndi tsiku, ine ndili kuseri kwa msika. Za Usijali anati sakumudziwa, ndipo palibe khobidi lake linalowa mmenemo.

Ndinamufunsa, "Nanga bwanji simunatiuze?"

Anandilozera khoma. "Zonse zinalembedwa apo, Bibi."

Apo! Pa khoma la m'kati mwa ofesi, m'zilembo! A ushuru amenewa ndi achiwiri mwa eni mkwiyo wanga, ndipo ndinawauza pamaso, popanda beseni. Galimoto yobwera kudzalanda muli nayo, mafuta ake amapezeka. Galimoto yobwera pa doko kudzatikhazika pansi n'kutiuza ndi pakamwa, imeneyo ilibe mafuta? Kanema wa gogo akuvina munamupeza msanga, koma njira ya kwa gogoyo musanamulande simunkaidziwa? Mumasiya mpata pakati pa khoma lanu ndi makutu athu, ndipo mu mpata umenewo ndi mmene mumanenepera a Usijali. Mayi uja anangolemba kenakake, kaya analemba zanga kaya za nkhomaliro yake.

Wachitatu mwa eni mkwiyo wanga ndi uyu waima pamaso panuyu. Yohane ananena, Rozina ananena kawiri. Ine ndinamva imvi zanga zokha.

Kubwerera kunali kwa pang'onopang'ono, ngati kukoka khoka. Rozina anakalembetsa nambala yake ya msonkho, ija amati TIN, kuti bizinesi ikhale ndi mwini wodziwika. Esnati anatumiza zithunzi za malisiti pa foni, popanda ndi moni yemwe, koma anatumiza. Popanda malisiti amenewo akanayerekeza okha mtengo, ndipo woyerekeza sayerekeza mokomera iwe. Tinapeza wakala weniweni, munthu woombolera anthu katundu ku ushuru, wa chilolezo chopachika pakhoma ndi chitseko choti ukhoza kukagogoda mawa. Anatilembera kalata yodandaula kuti sitinabise kanthu, ndipo kanema yemwe uja anatithandiza, poti wobisa savina. Faini anaichepetsako, osati kuichotsa.

Ndipo ichi muchigwire ndi manja awiri: ndalama ya boma siperekedwa m'manja mwa munthu, kaya wavala malaya osita chotani. Amakupatsa nambala yolipirira, amati kontrolo namba, umakalipira ku banki kapena pa foni, uthenga n'kubwera wokuuza kuti yafika. Munthu akakuitanira kuseri kwa tiyirumu, kuwa kuti wakuba.

Dimba langa la mpunga ndinabwereketsa kwa eni mphamvu. Inu a kikundi munandithandiza, ngakhale ena munatsinzina kaye, sindikuiwala zonse ziwiri. Ndinayamba ganyu yoyanika usipa wa anthu pa matandala, ine amene ndinali mwini chilimira, atsikana ang'onoang'ono kumandituma. Gongo sanandisiye mwaulemu ayi. Manja ankanjenjemera mpaka usipa kumagwa pansi. Mayi wogulitsa gongo uja ankandiitana ndikamadutsa, "Shoga, mnzanga iwe, lero ndakusungira wa mutu!" Ndinasiya njira ya kumsika, n'kumazungulira kumanda. Kumanda kulibe amene amakuitana.

Ndalama sinakwane zonse. Titawerengera ndi wakala uja, tinaona kuti tikakakamira chimakina cha fotokope titaya ndi zina zomwe. Tinaombola makompyuta ndi pulinta, chija n'kuchisiya. Tsiku la mnada ndinapita dala kukaonerera. Anachigula bambo wina wa mimba yaikulu wochokera ku Mbinga, pa mtengo woti Esnati atamva akhoza kukomoka, n'kuchikweza pa galimoto akutafuna chimanga chootcha. Ndinaluma chitenje kuti ndisayankhule. Kompyuta imodzi titaitsegula tinapeza makoswe ataberekeramo. Zinatsala ziwiri.

Tinazikweza pa wilibala, opanda kwaya, mpaka ku kachipinda kamene Rozina anachita lendi pafupi ndi sukulu. Analumikiza nthambo, anadina, galasi linayaka. Anakhala nthawi yaitali akuliyang'ana, manja ali pa ntchafu. Ine ndinaima pakhomo, osalimba mtima kulowa.

Ndinati, "Nanga za basi zija?"

Anati, "Makompyuta awiri opanda fotokope si steshenari, agogo, ndi chiyambi chabe. Ndalama ya basi ndigulira inki ndi mapepala. Ndiyesa mpaka mvula ikubwerayi ithe. Zikakanika, musadzandigwirenso mkono."

Mvula ija inabwera, inatha. Inabweranso ina, nayonso yatha. Esnati anayambanso kundiyankhula, koma mawu ake amakhala ngati akuyankhula ndi mlendo, ndipo mwina ndidzafa zili choncho. Rozina m'mawa uliwonse amasesa pakhomo pa kashopu kake, aphunzitsi ndi asodzi ali pamzere ndi makalata awo. Sananenepo kuti wakhazikika, sananenenso kuti akupita. Ine sindimufunsa.

Inunso mukapita kukalembetsa makalata anu, mulipire, muthokoze, mutuluke. Amene akamufunse mwana uja kuti kodi za ku Joni zinatha bwanji, adzandidziwa bwino.